Mafunde Awiri pa Pepala Limodzi: Kusanthula Lipoti la Mohorovičić Tili ku Kafue

Mu 1910 malo oyezera nyengo a mumzinda wa Zagreb, m'dziko limene lero ndi Croatia, anasindikiza lipoti la mkulu wawo, Andrija Mohorovičić, lofotokoza chivomezi cha pa 8 Okutobala 1909. Chivomezicho chinachitika m'chigwa cha mtsinje wa Kupa, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Zagreb. Mutu wa lipotilo ndi tsiku la chivomezi basi, koma m'kati mwake muli yankho la funso lalikulu: kodi pansi pa mapazi athu pali chiyani, ndipo tingadziwe bwanji popanda kukumba? Kukumba sikungatifikitse kutali. Dzenje la Kola ku Russia linafika mamita 12,262 mu 1989, koma silinaboole ngakhale gawo lapamwamba la dziko, limene akatswiri amalitcha crust.

Mohorovičić sanadalire makina ake okha. Anasonkhanitsa mapepala olembedwa ndi makina oyezera zivomezi a m'mizinda yambiri ya ku Ulaya, ndipo pa pepala lililonse anafufuza nthawi imene mafunde anafika. Mafunde amene amadutsa m'kati mwa dziko ali mitundu iwiri. A P amakankha ndi kukoka mwala, ndipo ndi amene amayamba kufika. A S amaugwedeza cham'mbali, ndipo amabwera pambuyo. Atayala nthawi zimenezi molingana ndi mtunda wa malo alionse kuchokera pamene panayambira chivomezi, anaona zimene lipoti lonse laimirapo.

Umboni wake uli m'zigawo zitatu, ndipo n'kofunika kuuwerenga pang'onopang'ono. Kumalo apafupi, osapitirira makilomita pafupifupi 300, funde la P linkafika kamodzi. Kuchokera pamenepo mpaka makilomita pafupifupi 700, linkafika kawiri: loyamba lofooka koma lachangu, kenako lina lamphamvu koma lochedwa. Kupitirira apo, lochedwa lija silinkaonekanso. Mafunde a S nawonso ankachita chimodzimodzi.

Munthu wopupuluma akanati panachitika zivomezi ziwiri, kapena mawotchi a m'mizinda ina anali olakwika. Koma zivomezi ziwiri zikanaoneka ngakhale kumalo apafupi, ndipo mawotchi olakwika sakanapereka kusiyana kotsatira mtunda mwadongosolo. Mohorovičić anati chivomezi n'chimodzi koma njira n'ziwiri. Wa ku Kafue angamve msanga zimenezi. Anthu awiri akwera njinga kuchokera m'mudzi umodzi. Wina walunjika m'kanjira ka fumbi, wina wazungulira kuti akagwire tala wa ku Lusaka. Pa ulendo waufupi wa m'fumbi ndiye ayamba kufika, koma ulendo ukatalika wa pa tala amamupitirira. Funde limodzi limayenda m'miyala ya pamwamba. Lina limatsika, n'kulowa m'miyala yolimba ya pansi imene imaliyendetsa mofulumira, n'kukweranso kutsogolo.

Gawo limene ndimalilemekeza kwambiri m'lipotili ndi mmene akugwiritsira ntchito funde limene lasowa. Iye ankaona kuti liwiro limawonjezeka pang'onopang'ono munthu akamatsika pansi, choncho njira ya funde imapindika ngati uta, kutsika kenako kukwera. Funde lopita kutali liyenera kutsika kwambiri. Ngati lochedwa lija limathera pa makilomita pafupifupi 700, ndiye kuti pali malire amene silingawadutse lili momwemo. Powerengera, anapeza malirewo pa makilomita 54 pansi. Pamwamba pake funde la P limathamanga makilomita pafupifupi 5.7 pa sekondi, pansi pake limalumpha kufika pafupifupi 7.7. Kulumpha kotereku kukutanthauza kuti mwala weniweniwo wasintha. Pamenepo m'pamene crust imathera ndipo gawo lalikulu lotchedwa mantle limayambira. Malire amenewa lero amatchedwa Moho, potengera dzina lake.

Chiwerengero cha 54 si cha dziko lonse. Kafukufuku wa pambuyo pake wasonyeza kuti pansi pa nyanja zamchere crust ndi yopyapyala, makilomita pafupifupi 7, pansi pa makontinenti nthawi zambiri 30 mpaka 50, ndipo pansi pa Tibet imafika cha m'ma 70. Chimene chakhalitsa m'lipotili ndi njira yoganizira: kusataya chizindikiro chimene sichikugwirizana ndi zimene unkayembekezera, ndi kuchifunsa mpaka chiyankhe.

Nanga ife a ku Kafue zikutikhudza bwanji? Ku Lusaka, osafika makilomita 50 kuchokera m'tauni yathu, kuli makina oyezera zivomezi a LSZ, amodzi mwa makina a Global Seismographic Network. Chivomezi chachikulu chikachitika ku Indonesia, mafunde ake amafika pansi pa Zambia patangopita mphindi zochepa. Funde la P likamakwera n'kuwoloka Moho, gawo lina la mphamvu yake limasanduka funde la S, lomwe limafika pamwamba mochedwerapo. Kuchedwa kwa masekondi pafupifupi 5 kumasonyeza crust yokhuthala makilomita pafupifupi 40. Marsella Kachingwe, Andrew Nyblade ndi Jordi Julià anagwiritsa ntchito njira imeneyi pa makina a AfricaArray m'kafukufuku amene anatuluka mu 2015, ndipo m'madera ambiri a kuno anapeza makulidwe oyandikira chiwerengero chimenechi. Maganizo ndi omwe aja a mu 1910: mafunde awiri, nthawi ziwiri, malire amodzi.

Nthaka yathu si yogona tulo. Khoma la damu la Kariba litatsekedwa mu 1958, kulemera kwa madzi kunadzutsa zivomezi zambiri, ndipo chachikulu cha mu Seputembala 1963 chinali cha mphamvu pafupifupi 6. Kumadzulo kwathu, m'dambo la Kafue, kuli akasupe otentha a Gwisho ndi Bwanda ku Lochinvar, ndipo kampani ya Kalahari GeoEnergy yakhala ikubowola ku Bwengwa pofuna kutentha kwa pansi kopangira magetsi. Mu 2020 Mike Daly wa ku yunivesite ya Oxford ndi anzake analemba kuti chigwa cha Kafue ndi mbali ya mng'alu umene ukufalikira kuchokera ku Tanzania, kudutsa Zambia, kulowera ku Okavango ku Botswana. Maganizo otere amayesedwa ndi mafunde a chivomezi, chifukwa kumene dziko likung'aluka crust imapyapyala, ndipo mantle yotentha imachedwetsa mafunde.

N'chifukwa chake ndimati lipotili liyenera kuwerengedwa kuno, ndi ophunzira a sayansi a m'masukulu a sekondale a ku Kafue komanso a ku School of Mines ya University of Zambia. Masamu a nthawi, mtunda ndi liwiro amene ali pamtima pake mwana wa giredi 12 angawatsate. Likuphunzitsanso kuti makina amodzi sakwanira: Mohorovičić anapeza Moho chifukwa mizinda yambiri inali ndi makina ndipo inalola kugawana zolembedwa zake. Ife tili ndi madamu ku Itezhi-Tezhi ndi ku Kafue Gorge, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umene ukudutsa m'tauni yathu. Dera lotere likufunika makina ambiri oyezera zivomezi m'mbali zonse za chigwa, osamalidwa chaka ndi chaka, ndi ana athu ophunzitsidwa kuwerenga zimene makinawo akulemba, kuti womanga damu, mlatho kapena fakitale adziwe nthaka imene akumangapo.