Mapu Okongola a 4G: Kodi Anena Zoona?

Ambiri a inu mwaonapo mapu amene makampani a lamya za m'manja aonetsa pa intaneti ndi m'zolengeza malonda ao. Dziko lonse alijambula bwino, ndipo pamwamba pace apakapo utoto woonetsa malo amene 4G yafika. Munthu ukayang'ana mapuwo mtima ukhala pansi, pakuti boma lako liri mkati mwa utoto, ngakhale mudzi wa agogo ako ulimo. Tsono ugula bandulo ya sabata yathunthu kuti utumize mapepala ofunsira malo ku koleji, koma kanthu kozungulira kaja kangozungulirabe kufikira tsiku lotsekera litapita. Tiyeni lero tiwerenge mapu amenewa monga tiwerengera buku liri lonse: anawalemba ndani, anena ciani, ndipo ndi ciani cimene asiya osanena?

Cinthu coyamba cimene mapu sanena ndico mafunde. Foni yanu ndi kawailesi kakang'ono kamene kalankhula ndi mlongoti wa kampani kupyolera m'mafunde a mumlengalenga, amene akatswiri awacha spectrum. Mafundewa ali ngati minda. Sialiyense angalime pamene afuna, cifukwa makampani awiri akalankhulira pa funde limodzi pamalo amodzi, pangomveka cisokonezo. Motero boma ndilo ligawa, ndipo muno m'Zambia nyakwawa wogawa mindayi ndi bungwe la ZICTA. Kugawako sikwaulere ai. M'caka ca 2022 kampani ya Airtel inalipira madola a ku America 29 miliyoni kuti ipatsidwe 60 MHz ya mafunde a pa 800 MHz ndi pa 2600 MHz.

Taonani kuti m'mau amenewa MHz yachulidwa pa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa mpamene ambiri asocera. Tikati 800 MHz kapena 2600 MHz tinena za malo pamene munda uli. Tikati 60 MHz tinena za kukula kwa mundawo. Zonse ziwiri ziri ndi kanthu kwa inu.

Malo a munda ndiwo aweruza kutalika kwa ulendo wa mafunde. Mudziwa kuti ng'oma yaikulu ikalira usiku imveka midzi itatu, pamene kalimba, ngakhale alire mokoma cotani, amveka pakhonde pokha. Mafunde a pansi, monga a 800 MHz, ndiwo ng'oma: apita kutali ndipo alowa m'nyumba ya njerwa mosabvuta. Mafunde a pamwamba, monga a 2600 MHz, safika kutali ndipo khoma liwafoketsa msanga, koma kumeneko malo ndi otakasuka, motero kampani ingapeze munda waukulu wonyamula anthu ambiri nthawi imodzi. Ici ndico cifukwa cace mafunde a pamwamba ayenera pakati pa Lusaka kapena Kitwe, pamene kumidzi ya ku Chadiza, Lundazi kapena Nyimba, kumene mlongoti umodzi uyenera kutumikira midzi yotalikirana, cofunika ndi mafunde a pansi. Mafunde a 800 MHz kale anali a wailesi ya kanema ya mtundu wakale. Anamasuka pamene maiko anasamukira ku kanema wa digito. Kusamuka kuja kumene kunakakamiza makolo athu kugula madikoda ndiko kunatsegulira njira 4G ya kumudzi.

Tsono mapu acita ciani ndi zonsezi? Atenga ng'oma ndi kalimba nazipaka utoto umodzi. Munthu wa m'tauni amene foni yace ili kumwa m'mafunde a mitundu iwiri kapena itatu pamodzi (ndiye uja aona 4G+ pamwamba pa foni), ndi munthu wa kumudzi amene ali kumapeto kwenikweni kwa funde limodzi locepa, onse awiri pamapu ali m'utoto wofanana. Limeneli si bodza lenileni, pakuti onse ali ndi 4G ndithu. Koma ndi coonadi cimene acidula miyendo.

Bvuto laciwiri ndilo lalikulu, ndipo ndifuna mulimvetse bwino. Mapu awa sanajambulidwe ndi munthu amene anayenda mudzi ndi mudzi foni ili m'manja. Anajambulidwa ndi kompyuta. Akatswiri aiuza pamene mlongoti waima, utali wace, mphamvu yace ndi maonekedwe a dziko, ndipo iyo iwerengera pamene mafunde ayenera kufika. Kawirikawiri kuwerengaku kuganizira munthu woima panja. Kompyuta sidziwa kuti mitengo ya mango yaphuka masamba m'dzinja, sidziwa kuti nyumba yanu ndi ya malata ndipo ili m'cigwa kuseri kwa phiri, sidziwanso kuti magetsi a pa mlongotiwo athima kuyambira m'mawa. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Mwina wina anganene kuti ndangokwiya cabe. Tiyeni tsono tipite kutali, ku America, kumene nkhaniyi inayesedwa poyera. Bungwe la boma loyang'anira mafunde kumeneko, la FCC, linakonza thumba la madola oposa 4 biliyoni lomangira 4G m'madera a kumidzi. Kuti lidziwe kumene ndalamazo zifunika, linapempha makampani kuti apereke mapu a malo amene iwo afikako kale ndi liwiro losacepera 5 Mbps. Dera liri lonse lopakidwa utoto silinayenere kulandira thandizo. Makampani ang'onoang'ono a kumidzi ndi anthu ena atadandaula kuti mapuwo ndi okokomeza, FCC inatuma anchito ace kuti akayese okha. Anayenda pa motoka mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, nayesa ka 24,649. Lipoti lao linatuluka mu December 2019, ndipo linati mwa mayeso 100 ali onse, pafupifupi 62 okha ndiwo anafika pa liwiro limene mapu analonjeza. Coposa apa, m'malo amene mapu anati 4G ilipo, oyesawo sanaipeze konse pa mayeso 16 mwa 100 a kampani ya Verizon, 21 mwa 100 a T-Mobile, ndi 38 mwa 100 a US Cellular.

Ena mwa makampaniwo anayankha kuti anangotsata malangizo a FCC pojambula mapu ao, ndipo palibe imene inalipitsidwa. Thumba lija linathetsedwa, nakonza lina la 5G. Koma ganizirani za mlimi wa kumidzi ya ku America amene dera lace likadamanidwa mlongoti cifukwa pepala linati ali nayo kale netiweki. Utoto wa pamapu si cokongoletsa cabe. Ukhoza kuweruza mudzi umene ulandire mlongoti ndi mudzi umene udikire zaka zina zisanu. Ngati zinatero m'dziko lolemera lokhala ndi anthu ambiri ofufuza, ife tisafulumire kukhulupirira mapu ali onse popanda kuwayesa.

Sindinena kuti mapu alibe nchito. Pamene palibe utoto, khulupirirani, pakuti palibe kampani imene ingadzicepetse yokha. Ndi pamene pali utoto pofunika kufunsa mafunso.

Palinso mbali imene siili mlandu wa mapu koma wa foni imene ili m'thumba mwanu. Foni iri yonse imamva mafunde ena, ena siimva. Mafunde a LTE, limene ndi dzina lina la 4G, ali ndi manambala: a 1800 MHz ndi Band 3, a 800 MHz ndi Band 20, ndipo pa 2600 MHz pali Band 7, Band 38 ndi Band 41. M'caka ca 2017 kampani ya T-Mobile ija inagula mafunde a 600 MHz pa mtengo wa madola pafupifupi 8 biliyoni, ndipo mu August caka comweco inayatsa milongoti yoyamba mu mzinda wa Cheyenne, ku Wyoming. Tsiku limenelo panalibe foni ngakhale imodzi m'masitolo imene ikadamva mafundewo; anthu anayembekezera kufikira LG V30 itatuluka. Ng'oma inalira, koma mudzi wonse unali wogontha. Zotere zicitikanso kwa mnyamata wogula foni yogwirapo kale nchito yocokera kunja. Mafoni ena opangidwira msika wa ku China kapena ku America alibe Band 20. M'tauni agwira bwino zedi, ndipo wogulitsa adzakuonetsani 4G ili phuliphuli pomwepo pamsika. Mukafika nayo kumudzi, kumene mwina mafunde a pansi ndiwo okha afika, mnzanu wa kafoni kochipa ali kuwerenga mauthenga inu muli kukwera culu. Musanapereke ndalama, funani nambala ya mtundu wa foniyo ndi kuwerenga mndandanda wa mafunde amene imva.

Tsopano ndibwere kwa inu eni, pakuti nanunso muli ndi mapu anu onyenga. Ndinena za zithunzi zija mutumizirana m'magulu a WhatsApp. Mnyamata atsegula Speedtest, aona nambala yaikulu, ajambula, natumiza ndi mau akuti netiweki yakuti ndiyo mfumu. Wina ayankha ndi cithunzi cace, ndipo mkangano uyamba ngati wa mpira. Kodi cithunzi cotere cicitira umboni ciani? Ciuza za foni imodzi, pamalo amodzi, pa mphindi imodzi. Mlongoti uli ngati citsime: madzi ace agawana onse otungapo. Wopita m'mbandakuca adzaza ndowa mwamsanga, wopita madzulo aima pamzere. Mlongoti watsopano ndiwo unyenga koposa, cifukwa sabata yoyamba anthu otungapo ndi ocepa. Dikirani miyezi itatu, mudzi wonse utadziwa, ndiye muyesenso. Ndiponso ndani atumiza cithunzi ca tsiku limene nambala inali yocititsa manyazi? Tonse tisankha cokoma, monga momwe wojambula mapu acitira. Kumbukiraninso kuti mayeso ali onse adya bandulo yanu, nthawi zina ma MB makumi angapo, ndipo netiweki ikakhala yothamanga ndi pamene adya kwambiri.

Mizere ija ya pakona pa foni nayonso si mboni yodalirika. Palibe lamulo limene linena kuti mizere inai itanthauza mphamvu yakuti. Kampani iri yonse yopanga mafoni iweruza yokha. Mafoni awiri ali pa tebulo limodzi, pa netiweki imodzi, ina ingaonetse mizere inai ina iwiri. Ndipo mizere ingakhale yodzaza intaneti osayenda, ngati citsime cathithikana ndi anthu. Nambala yeniyeni ilipo koma yabisika. Pa mafoni ambiri a Android muipeza mu Settings, pa About phone, pamene alemba za SIM. Pa iPhone muimba *3001#12345#*. Nambalayo ili ndi kamzere ka kucotsa patsogolo ndi dBm pambuyo. Ikakhala pafupi ndi -80 muli pabwino. Ikafika ca ku -110 kapena kupitirira, muli kumapeto kwa munda. Musadabwenso mukaona 4G yasanduka 3G kapena 2G pamene muimba lamya. Pokhapokha foni ndi netiweki zonse ziri ndi VoLTE, mau apita pa njira yakale, ndipo 4G ibwerera mukatha kulankhula.

Nanga kuyesa koyenera ndi kotani? Anchito a FCC aja sanacite zamatsenga. Anangoyesa kambirimbiri, m'malo ambiri, nalemba zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Gulu la acinyamata khumi lingacite cimodzimodzi m'dera lace ndi kope limodzi la sukulu. Sankhani malo amene anthu afunadi netiweki: pa sukulu, pa cipatala, pa msika pamene atumizira ndi kulandira ndalama za pa foni, pa depoti ya feteleza. Pa malo ali onse yesani panja ndi m'kati mwa nyumba, m'mawa ndi madzulo ca m'ma 19 koloko, ndipo mubwereze m'dzinja. Ngati mufuna kulinganiza makampani awiri, sinthani SIM m'foni imodzi yomweyo, kuti kusiyana kwa mafoni kusalowerere. Lembani tsiku, ola, dzina la foni, nambala ya dBm ndi liwiro. Musayang'ane liwiro lolandirira lokha. Wotumiza mapepala ku koleji afuna liwiro lotumizira, ndipo limeneli ndilo liyamba kufa mukatalikira mlongoti, cifukwa mlongoti uli ndi mau akulu koma kafoni kanu kali ndi mau ang'ono. Inu muumva, koma iwo sukumvani bwino.

Pamene netiweki yakana konse, musadumphe mzerewo m'kope. Lembani kuti palibe, ndi ola lace. Mizere yotere ndiyo ili ndi mtengo woposa, pakuti Speedtest siingatumize cithunzi kucokera pamalo pamene intaneti palibe, motero malo amenewo sapezeka m'mkangano wa pa WhatsApp. Kope likadzala, mukhoza kupita nalo coyamba ku kampani yanu, ndipo ngati sakuyankhani, ku ZICTA, imene ilandira madandaulo a anthu ogwiritsa nchito lamya. Munthu wonena kuti "netiweki kwathu ndi yobvuta" amuuza kuti azimitse foni ndi kuiyatsanso. Gulu lonena kuti pa cipatala cakuti tinayesa ka 40 m'miyezi iwiri ndipo ka 15 sitinapeze 4G, pamene mapu anu apakapo utoto, lifunika yankho lina.