Buku la Carlos Cardoso: Kodi Mfuti Zikalira Tileke Kufunsa za Ndalama?

Buku limene ndikuikirani pa mphasa mwezi uno si latsopano ai. Linasindikizidwa ku Cape Town m'caka ca 2003, m'Cingerezi, ndipo dzina lake ndi Carlos Cardoso: Telling the Truth in Mozambique. Analilemba ndi atolankhani awiri, Paul Fauvet ndi Marcelo Mosse, ndipo likusimba za moyo wa mnzao amene anaomberedwa ndi mfuti ali m'galimoto mu mzinda wa Maputo pa 22 Novembala 2000. Ndalisankha cifukwa likutikakamiza kuyankha funso limene atsogoleri ambiri safuna kulimva: dziko likakhala pa nkhondo, kodi anthu wamba ali nao ufulu wofunsa kumene ndalama za boma zikupita, kapena ayembekeze mpaka mfuti zitaleka kulira?

Ife a kuno ku Katete nkhondo ya ku Mozambique sitiimva ngati nthano ya kutali. Inayamba mu 1977 ndi kutha mu 1992. Funsani makolo anu za zaka zotsiriza za m'ma 1980, pamene zigawenga za Renamo zinali kudumpha malire ndi kulowa m'midzi ya mbali ya Katete ndi Chadiza. Othawa nkhondo ambiri anatengedwa kupita ku Ukwimi, kupitirira Petauke. Ambiri a iwo anali Acewa anzathu, a mafumu omwe aja amene timawaona ku Kulamba ku Mkaika. Conco pamene bukuli likunena za asilikali osowa cakudya ndi akulu-akulu olemera mwadzidzidzi, likunena za zinthu zimene zinathandiza kutalikitsa nkhondo imene inafika pa makomo athu.

Cardoso anabadwira ku Beira mu 1951. Anali wokonda Frelimo ndi mtima wonse, ndipo mu 1980 anaikidwa kukhala mkulu wa AIM, bungwe lofalitsa nkhani la boma. Apa ndi pamene bukuli likukoma kweni-kweni. Munthu ameneyu sanali mdani wa boma. Koma mu 1982 boma lake lomwelo linamutsekera masiku 6 cifukwa ca nkhani imene analemba yokhudza nkhondo. Taganizirani bwino zimenezi. Wolemba nkhani wa boma, wokhulupirika ku cipani, akugona m'ndende cifukwa wanena za nkhondo imene mlimi aliyense wa ku Tete anali kuiona ndi maso ake. Atatuluka sanathawe, sanasandukenso wa Renamo. Anabwerera pa nchito yake. Olemba bukuli atisonyeza bwino munthu amene anakana kusankha pakati pa kukonda dziko ndi kunena zoona, cifukwa kwa iye zinthu ziwirizi zinali cinthu cimodzi.

Cina cimene acinyamata afunika kucidziwa ndi ici. Ufulu wa manyuzipepala ku Mozambique sunabwere nkhondo itatha. Mu 1990, mfuti zikali kulira, Cardoso ndi atolankhani anzake analemba cikalata copempha kuti ufulu wa anthu wodziwa nkhani ulembedwe m'malamulo akulu a dziko, ndipo unalembedwadi caka comweco. Mu 1992 iye ndi anzake anayambitsa Mediafax, kanyuzipepala ka masamba ocepa kotumizidwa pa makina a fakisi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi a gulu la Sant'Egidio ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Tsono amene amati "yambani mwapambana nkhondo, mafunso mufunsa pambuyo" ayang'ane ndondomeko ya zaka zimenezi. Kumeneko mafunso anatsogola, mtendere unatsatira.

Mbali yotsiriza ya bukuli ndi yolemetsa mtima. Mu 1996, pamene banki ya boma yochedwa BCM inali kugulitsidwa, ndalama zokwana ngati madola mamiliyoni 14 zinabedwa. Maofesi a boma oyenera kufufuza anali kukoka miyendo. Cardoso, m'nyuzipepala yake yatsopano Metical imene anaiyamba mu 1997, sanaleke kulemba maina ndi kufunsa cifukwa cake mlandu sukufika ku khoti. Anamupha. Mu Januwale 2003 woweruza Augusto Paulino analamula amuna 6 kukhala m'ndende zaka zapakati pa 23 ndi 28, ndipo mlanduwo anthu anaumva pa wailesi ndi kuuona pa TV.

Tsopano ndinene kumene sindigwirizana nalo bukuli.

Coyamba, mwa kuona kwanga, likumugwira ndi manja ofewa Samora Machel. Izi sizodabwitsa, pakuti Fauvet anagwira nchito ku AIM zaka zambiri ndipo anali kuikonda Frelimo ya masiku oyamba monga Cardoso. Wowerenga wosacenjera angatseke bukuli akuganiza kuti nthawi ya Machel inali yoyera, ndipo zoipa zinalowa iye atafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, pocokera ku msonkhano wa ku Mbala kuno kwathu. Ndi zoona kuti Machel anali kudana ndi kuba ndipo sanadzikundikire cuma. Koma ndi boma lake limene mu 1983 linasonkhanitsa anthu zikwi-zikwi m'mizinda ndi kuwatumiza ku Niassa mokakamiza, ndi kubwezeretsa cilango ca kukwapula anthu poyera. Panalibe khoti kapena nyumba ya malamulo imene ikanamuuza kuti ai. Dziko limene kuona mtima kwake konse kwakoloweka pa munthu mmodzi liri ngati nkhokwe yoimika pa mtengo umodzi. Akuba amene anadzaonekera m'ma 1990 anakulira m'cizolowezi ca cinsinsi cimene cinamangidwa m'ma 1980. Mfundo imeneyi bukuli silinailimbikire mokwana.

Caciwiri, ndi buku la ku Maputo. Muli maofesi, nduna, mabanki ndi atolankhani. Mai wa ku Chifunde kapena ku Macanga amene anasenza mwana ndi mphika kuthawira kuno simumumva mau ake. Mwina sitingawadzudzule kwambiri olemba, popeza analonjeza mbiri ya munthu mmodzi, osati ya dziko lonse. Komabe pa buku lonena za ufulu wa anthu wodziwa nkhani, anthuwo akusowa.

Ndipo pali ngozi imene mabuku onse a ngwazi ali nayo. Mukaliwerenga mumasirira Cardoso, kenaka mumapuma n'kunena kuti, ife sitingathe zimenezi. Mutu umodzi susenza denga. Cardoso anaphedwa cifukwa anali kugwira yekha nchito imene apolisi, oimira boma pa milandu ndi aphungu anayenera kuigwira.

Zimene zinacitika bukuli litatuluka zikutsimikiza zimenezi. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola ngati madola mabiliyoni 2 ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Nduna ya zacuma Manuel Chang inasaina kuti boma lidzalipira, osapempha cilolezo ku nyumba ya malamulo. Cifukwa cake anati ndi citetezo ca dziko, kulondera nyanja ndi kugwira nsomba. Nkhani itaululika mu 2016, IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya metical inagwa, mitengo ya zinthu inakwera. Akale anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma pano zinatembenuka: anadya akulu, zinapota ana. Ofufuza a kampani ya Kroll mu 2017 anapeza kuti madola mamiliyoni 500 sanadziwike kumene anapita, ndipo akulu a ukazitape anakana kupereka mapepala ena ponena kuti ndi cinsinsi ca boma. Caka comweco, pa 5 Okutobala, nkhondo ina inabuka ku Mocímboa da Praia m'cigawo ca Cabo Delgado. Ndalama zija zinakongoledwa m'dzina la citetezo, koma mu Ogasiti 2020 doko la Mocímboa da Praia linagwa m'manja mwa zigawenga. Mtolankhani wa wailesi ya ku Palma, Ibraimo Mbaruco, anasowa pa 7 Epulo 2020.

Koma onani kusiyana kwake. Ulendo uno sanali munthu mmodzi. Mabungwe a anthu wamba anasonkhanitsa masaini 2,000 ndi kupita ku khoti loona za malamulo akulu a dziko, ndipo mu 2019 khotilo linagamula kuti ngongole ya Ematum inali yosatsata lamulo. Mu Disembala 2022 mwana wa pulezidenti wakale Armando Guebuza, Ndambi, analamulidwa zaka 12. Chang anagwidwa ku Johannesburg mu Disembala 2018 ndipo khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024. Marcelo Mosse yemwe uja, atatha kulemba bukuli, anathandiza kuyambitsa bungwe la Centro de Integridade Pública mu 2005. Iye anaphunzira pa imfa ya mnzake cimene buku lake silinanene momveka.

Ku Ukraine nako, pa 22 Julaye 2025, pakati pa nkhondo ndi Russia, nyumba ya malamulo inacepetsa ufulu wa mabungwe awiri ofufuza ziphuphu. Acinyamata anatuluka m'miseu ya ku Kyiv atanyamula makatoni olembapo, ndipo pa 31 Julaye lamulolo linasinthidwa. Sanali kuthandiza mdani. Abale ao anali ku nkhondo, ndipo anadziwa kuti ndalama yobedwa ndi nsapato imene msilikali sanalandire.

Ife a mu mpingo nkhani yotere tiri nayo kale pa 2 Samueli 11 ndi 12. Mfumu Davide anabisa chimo lake m'kati mwa nkhondo ya ku Raba. Imfa ya Uriya inalembedwa ngati imfa wamba ya msilikali, ndipo Yoabu, mkulu wa nkhondo, anakhala cete. Mneneri Natani sanayembekeze kuti mzinda ugwe kaye. Ndipempha magulu a acinyamata amene angapeze bukuli kuti awerenge za kutsekeredwa kwa Cardoso mu 1982 pamodzi ndi mitu iwiri imeneyi, wina wodziwa Cingerezi akumasulira anzake.

Zambia sali pa nkhondo, tithokoze Mulungu, ngakhale tinakhala pansi pa lamulo la nthawi ya ngozi kuyambira 1964 mpaka 1991 ndipo akulu athu anazolowera kutsitsa mau. Mu 2022 ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, kuphatikiza Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi. Mu Disembala 2023 pulezidenti anasaina lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha mapepala a boma. Gulu lanu likatha kuwerenga, lembani kalata ku khonsolo yopempha mndandanda wa nchito zimene zinabvomerezedwa m'wadi yanu, mtengo wa iliyonse ndi dzina la kontrakita, ndipo musaine anthu ambiri, osati mmodzi.