Msonkho wake uti? Pomwe gulu la Tea Party lidaphonya

Pa 15 Epulo 2009 ndidaweruka msanga chifukwa mnzanga wina wakuntchito, mzungu wa konkuno ku America, adandikoka kuti tikaone msonkhano wa anthu odandaula za misonkho. Tsikuli ndi lomaliza kutumiza mafomu a msonkho kuboma, choncho aliyense amakhala ndi kaukali kake. Nanenso ndinali nditangotumiza anga, mtima ukuwawa poona ndalama zomwe amadula pa malipiro ndisanazigwire n'komwe. Nkhaniyo inkandikhudza ngati wina aliyense amene adali pabwalopo.

Ambiri adali achikulire, ena atakoleka timatumba ta tiyi pa zipewa zawo. Wolankhula aliyense ankayamba ndi mfundo imodzimodzi: gulu ili si la chipani cha Republican, si la Democrat, ndi la anthu wamba otopa ndi misonkho komanso ngongole za boma. Ine ndidawakhulupirira. Tsopano poti gululo lidazilala, ndikufuna kulipima pa lonjezo lake lomwelo. Ndikutero chifukwa ife a kunja kuno timakonda kuyambitsa magulu oti alibe ndale, koma pakangotha chaka timawapeza atavala nsalu ya chipani.

Ndiyambe ndi zomwe anthu aja ankanena zoona. Mkwiyo wawo udayamba Barack Obama asanalowe m'boma. Mu Disembala 2007 otsatira a Ron Paul adasonkha ndalama za kampeni pa tsiku lokumbukira zomwe zidachitika ku Boston mu 1773, pamene anthu adataya tiyi m'nyanja pokana ulamuliro wa Angelezi pa misonkho. Mu Okutobala 2008 George W. Bush, pulezidenti wa Republican, adasaina lamulo lopatula $700 biliyoni zopulumutsira mabanki, anthu wamba akulandidwa nyumba. Pamene mtolankhani Rick Santelli adakalipa pa kanema wa CNBC pa 19 Febuluwale 2009 n'kuitanira anthu ku Chicago, moto udali utayaka kale.

Poyamba gululi linkaoneka kuti silikuopa chipani chilichonse. Okonza msonkhano wa ku Chicago adamukaniza Michael Steele, wapampando wa chipani cha Republican, kulankhula. Mu 2010 senetala Bob Bennett wa ku Utah, amene adakhala pampando zaka 18 ndipo adavotera lamulo la mabanki lija, adagwetsedwa ndi anthu a m'chipani chake chomwe. Zimenezi siziyenera kupeputsidwa.

Koma pabwalo paja ndidamufunsa mnzangayo funso limodzi: msonkho womwe tikukana ndi uti? Iye adaseka n'kuyankha kuti yonse. Pamenepo ndi pomwe padagona vuto, ngakhale ndidachedwa kulizindikira. Anthu a ku Boston ankadziwa chomwe akukana, chidali ndi dzina ndi mtengo wake. Mu 2009 boma silidakweze msonkho wa pa malipiro a anthu wamba. Lamulo la $787 biliyoni lotsitsimutsa chuma, lomwe ankalinyoza pa zikwangwani, lidachepetsa msonkho ndi $400 kwa wogwira ntchito mmodzi ndi $800 kwa banja. Womwe udakwera mwezi umenewo udali wa fodya, ndipo sindidaone chikwangwani chodandaula za fodya.

Gulu lopanda chinthu chimodzi chomwe likufuna lili ngati galimoto yolira injini koma yopanda dalaivala: amene wayamba kukwera ndiye amasankha kolowera. Adakwera ndi mabungwe odziwa ndale. FreedomWorks inkatsogoleredwa ndi Dick Armey, amene kale adali mtsogoleri wa aphungu a Republican m'nyumba ya malamulo. Americans for Prosperity idali ndi thandizo la abale a Koch, anthu olemera kwambiri. Kanema wa Fox News ankalengeza misonkhanoyo isanachitike. Pofika Ogasiti 2009 nkhani idali itasintha, anthu akukalipira aphungu za lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo lomwe Obama ankafuna. Mu Julaye 2010 Michele Bachmann adakhazikitsa gulu la aphungu a Tea Party, ndipo onse adali a Republican. Pa chisankho cha Novembala chaka chomwecho chipanichi chidawonjezera mipando 63 m'nyumba ya oimira anthu.

Theda Skocpol ndi Vanessa Williamson, amene adafufuza gululi n'kutulutsa buku mu 2012, adapeza kuti ambiri mwa mamembala adali kale ovotera Republican, ndipo sankadana ndi penshoni ya boma kapena thandizo la chipatala la okalamba lomwe iwo eni ankalandira. Chomwe chinkawawawa n'choti ndalama zikupita kwa anthu omwe iwo ankawaona kuti sadazigwirire ntchito, kuphatikizapo obwera kuchokera kunja opanda mapepala. Nditawerenga zimenezi ndidakumbukira momwe ena ankandiyang'anira pabwalo paja. Palibe adandichitira mwano, komanso palibe adaganiza kuti nanenso ndimakhoma msonkho.

Wina anganene kuti popanda chipani sakadapindula kanthu, ndipo mfundoyi ili ndi mphamvu. Mu 2011 aphungu awo adakakamiza boma kuika malire pa ndalama zomwe lingagwiritse ntchito. Mu Okutobala 2013 adathandiza kuimitsa ntchito zambiri za boma kwa masiku 16. Gulu la Occupy Wall Street, lomwe lidayamba mu Sepitembala 2011 ndi mkwiyo womwewo pa mabanki, lidakana kuyandikira zipani, ndipo apolisi atalichotsa ku Zuccotti Park patatha miyezi iwiri silidasiye phungu wake. Koma taonani chomvetsa chisoni: magulu awiri okwiya ndi cheke chimodzi chopita ku mabanki adathera nthawi akunyozana, mabankiwo akupitiriza ntchito zawo.

Mayeso enieni adafika mu 2017, pamene a Republican adatenga upulezidenti ndi nyumba zonse ziwiri za malamulo. Misonkho adachepetsadi, makamaka ya makampani, ndiye pamenepo tinganene kuti gululi lidapeza gawo la zomwe linkafuna. Nanga ngongole ija ankati ipha adzukulu awo? Mu 2019, chuma chikuyenda bwino, boma lidawononga ndalama zoposa zomwe lidatolera ndi $984 biliyoni. Mabwalo aja adali zii. Ndidamuimbira mnzanga uja kumufunsa ngati tikatengenso zikwangwani, iye n'kundiuza kuti nthawi zasintha. Chomwe chidasintha ndi mwini mpando. Akuluakulu adati anyani amasekana zikundu. FreedomWorks nayo idatseka zitseko mu 2024.

Kuti muone kuti zikadatheka kuyenda mwina, funsani abale athu amene adali ku Britain nthawi ya Margaret Thatcher. Boma lake lidabweretsa msonkho wa pamutu, wotchuka ndi dzina loti poll tax, ku Scotland mu 1989 ndipo ku England ndi Wales mu 1990. Wolemera ndi wosauka a m'dera limodzi ankayenera kulipira mofanana. Kumenekonso andale adalipo: bungwe lalikulu lotsogolera okana linali m'manja mwa kagulu ka Militant, ndipo Tommy Sheridan adali wapampando wake. Atsogoleri a Labour, pansi pa Neil Kinnock, ankadana ndi msonkhowo koma adakana kulimbikitsa anthu kusalipira. Mikangano idalipo yambiri, ndipo zionetsero za pa 31 Malichi 1990 ku London zidathera m'zipolowe.

Komabe chomwe ankafuna chidali chimodzi, ndipo aliyense akadatha kuchitchula ndi mpweya umodzi. Munthu sankafunika kugwirizana ndi Militant pa china chilichonse kuti akane kulipira kapena kukaima pakhomo pa mnansi wake olanda katundu akabwera. Ngakhale ovotera Conservative adatembenuka, moti chipanicho chidataya mpando wa Mid Staffordshire mu Malichi 1990. Thatcher adatula pansi udindo mu Novembala 1990, msonkhowu uli chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu pamodzi ndi mkangano wa za Ulaya. Boma la John Major, la chipani chomwecho, lidalengeza mu 1991 kuti liuthetsa, ndipo mu 1993 council tax idalowa m'malo mwake.

Choncho ine sindikhulupiriranso kuti umodzi umabwera poletsa andale kugwira maikolofoni. A Tea Party adachita zimenezo ku Chicago, koma chipani chidalowera khomo lakumbuyo. Ku Britain andale adali pagome penipeni, koma sakadatha kusintha nkhani chifukwa nkhaniyo idali yolembedwa pa kalata yomwe idafika pakhomo pa aliyense.

Abale ndi alongo, tsiku lina wina adzakuitanani ku gulu lotere, kaya kuno, kaya ku Johannesburg, kaya pa nkhani ya misonkho ya kumudzi. Musanasonkhe ndalama zanu, funsani mafunso atatu. Msonkho wake uti, ndipo tikufuna utsike kufika pati? Basi ndi zikwangwani akulipira ndani? Chipani chomwe ambiri a ife timachikonda chikadzalowa m'boma n'kuchita zomwezi, tidzabweranso pabwalo pano? Funso lachitatuli ndikadafunsa mu 2009, bwenzi nditamaliza shifiti yanga tsiku lija.