Mwaceza naye maola awili, nanga gitala ili kuti?

Pa zaka zocepa zapitazi, kukamba kwasanduka nchito mu Lusaka. Anthu awili kapena atatu amakhala pa mipando yofewa, maikolofoni patsogolo, kamela pakona, n'kuceza ola lathunthu, nthawi zina awili. Pa YouTube pali That Zed Podcast, pali Kenny T 1 on 1, ndi ena ambili amene akubadwa mwezi ndi mwezi. M'basi yocoka ku Kanyama kupita m'tauni simulephela kuona mnyamata ali ndi waya m'khutu akuseka yekha. Ameneyo ali pakati pa podcast.

Ma podcast awa acita cinthu cimene wailesi inalephela kwa nthawi yaitali. Pa wailesi woimba amapatsidwa mphindi zisanu pakati pa malonda a sopo ndi nkhani za mpila. Pa podcast amakhala pansi, amafotokoza kumene anakulila, amene anam'dyela ndalama, ndi caka cimene anafuna kuleka zonse. Mwana amene adzafufuza mbili ya nyimbo zathu mtsogolomu adzawayamikila anthu awa.

Koma pali woimba mmodzi amene saoneka pa mipando yofewa ija. Ndikamba za uja wa gitala yopanda magetsi, amene amapeka yekha mau ndi maimbidwe, alibe kampani, alibe womuyang'anila, ndipo situdiyo sanailowepo. Mumam'dziwa. Amaimba pa kantemba ku Chawama dzuwa likapendeka, amatsogolela nyimbo pa malilo ku George, pa Sondo amaimbila kwaya ku Matero, ndipo nyimbo zake zenizeni amaziimba usiku kumbuyo kwa nyumba, pomvela anthu asanu ndi galu. Podcast ndiyo njila yochipa kuposa zonse yosungila nchito ya munthu wotele. Cokhumudwitsa n'cakuti mmene tikuiyendetsela lelo, siingam'thandize ngakhale titamuitana.

Vuto loyamba ndi la mlendo amene timasankha. Podcast imakhala ndi moyo cifukwa ca oonelela, ndipo oonelela amatsatila dzina limene alidziwa kale. Conco woitanidwa amakhala uja amene ali kale pa zikwangwani, wandale, kapena wamalonda wochuka. Madzi amangothilidwa m'mtsinje. Vuto laciwili ndi la mafunso. Kacidutswa kamene kamayenda pa TikTok ndi pa Facebook si kaja kokamba mmene nyimbo inapekedwela, koma kaja ka mkangano, cikwati cotha ndi mijedo. Wofunsa amadziwa zimenezi, ndiye amakumba kumeneko. Woimba wa gitala wa mu komboni alibe mkangano wogulitsa. Cuma cake conse ndi nyimbo, ndipo apa ndiye pali vuto lacitatu, lalikulu kuposa onse: pa macezedwe ambili otele woimba amakamba za nyimbo koma saimba. Kuli ngati kuitana mayi wodziwa kuphika cikanda, n'kumufunsa maola awili za mphika wake, osalawako olo kacidutswa.

Lusaka inadziwapo njila ina, ndipo dzina la mwini njilayo timalichula tsiku lililonse osaganiza. Msewu wa Alick Nkhata umacoka ku Longacres, umadutsa pa Alliance Française ndi pa nyumba ya ZNBC, n'kukafika ku Kalingalinga. A Nkhata anabadwa mu 1922, anamenyako nkhondo yaciwili ya dziko lonse, ndipo atabwelako anagwila nchito ndi Hugh Tracey, amene anali kuyendayenda ndi makina ojambulila nyimbo za mu Africa. Pambuyo pake analowa pa wailesi ya Central African Broadcasting mu Lusaka muno. Inali nthawi ya kawailesi kochedwa Saucepan Special, kamene kanatuluka mu 1949, kooneka ngati sefuliya, koyendela batile, ka mtengo woti wanchito wamba angakwanitse. Kwa nthawi yoyamba, mau a munthu wakuda woimba m'cilankhulo cake analowa m'nyumba za anthu wamba zikwizikwi.

A Nkhata anali woulutsa mau, anali woimba wa gitala, analinso wosonkhanitsa nyimbo. Sanali kudikila kuti woimba ayambe wachuka. Wailesi ija inali kutuma anthu ndi makina kukajambula oimba kumene anali, ndipo nyimbozo zinali kuulutsidwa n'kusungidwa. Tisaikometsele mopitilila: inali wailesi ya boma la atsamunda, ndipo inali ndi zolinga zake. Koma pa nkhani ya nyimbo inagwila mfundo imene ife a mafoni apamwamba taitaya, yakuti wojambula ndiye amapita kwa woimba, ndipo cimene amapitila ndi nyimbo. A Nkhata anafa mu 1978 pafupi ndi Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukila msasa wa omenyela ufulu wa Zimbabwe. Kuti nyimbo zao zimvekenso pa CD, panafunika kampani ya ku London, RetroAfric, imene inazisonkhanitsa pa cimbale cochedwa Shalapo.

Mfundo yomalizayi iyenela kutiluma. Oimba a gitala a ku migodi amene Tracey anajambula m'zaka za m'ma 1950, monga Stephen Tsotsi Kasumali ndi John Lushi, timawadziwa cifukwa munthuyo anali kulemba dzina la woimba, malo, cilankhulo ndi tsiku. Koma zojambulazo zili ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku Makhanda, South Africa. Nyimbo za Zamrock, zimene zinaphuka m'zaka za m'ma 1970 pamene a Kaunda analamula kuti wailesi iziimba kwambili nyimbo za kuno, zinakhala m'fumbi mpaka makampani a kunja monga Now-Again ya ku Los Angeles anayamba kutulutsanso nyimbo monga za WITCH ndi za Rikki Ililonga. Kawili konse, wocokela kutali ndiye anasunga, ife n'kudzaombela m'manja pambuyo. Funso la podcast ya lelo ndi lakuti kodi tidzacita kacitatu.

Wina adzati woimba wosadziwika sabweletsa oonelela, ndipo wopanga podcast nayenso ali ndi lendi yolipila. N'zoona, ndipo si nkhani yoseka. Koma taonani mmene pulogilamu ya Tiny Desk inayambila ku America mu 2008. Anthu awili a pa wailesi ya NPR, Bob Boilen ndi Stephen Thompson, anapita kukamvela woimba wa mau ofatsa, Laura Gibson, m'bala ku Austin, koma phokoso la omwa linam'kwilila. Anamuitana kuti akaimbe pa desiki ya Boilen mu ofesi, anajambula, n'kuika pa intaneti. Lelo oimba ochuka a dziko lonse amalakalaka desiki imeneyo. Cimene cinakopa anthu sicinali dzina la mlendo woyamba. Anthu anazindikila kuti pamalo paja nyimbo imamveka bwino, ndipo anayamba kukhulupilila khutu la osankha. Podcast imene anthu amaikhulupilila khutu lake ingawapatse mlendo aliyense, ndipo adzamvela.

Citsanzo ca pafupi cili ku Malawi. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anakhala zaka akuimba m'misewu ya Lilongwe, wina pa babatoni ya nsambo imodzi, wina pa gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yoponda ndi cidendene. Mu 2017 anaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa cimbale cao Wasalala. Palibe anawaonjezela makina kuti amveke amakono. Panangofunika munthu woima, kumvela, ndi kujambula cimene cinalipo kale. Kuno kwathu, James Sakala ndi Mumba Yachi aonetsa kuti acinyamata a m'tauni amamvela nyimbo ya gitala yozikika m'miyambo ya kumudzi ikawafika. Kumbuyo kwa awiliwa kuli mzele wautali wa ena amene sanafikepo pa maikolofoni.

Nanga podcast yoyenela woimba wotele ingaoneke bwanji? Coyamba, nyimbo ikhale pakati, kuceza kuzungulile nyimboyo. Aimbe zitatu zathunthu, osamudula, osakambilapo pamwamba. Ndiyeno mafunso atuluke m'zimene zamveka. Nsambo izi wazimanga motani, popeza ambili ophunzila okha samanga gitala monga mwa buku? Anakuphunzitsa ndani, ndipo iye anaphunzila kwa yani? Kagundidwe ka cala cacikulu aka n'ka kalindula, n'ka citelele, kapena n'ka m'chalichi? Liu ili waliimba m'Cinsenga pomwe nyimbo yonse ili m'Cinyanja ca m'tauni, cifukwa ciani? Mafunso otele amafuna wofunsa amene wamvela nyimbozo asanayatse makina. Amafunanso kuti macezawo akhale m'cilankhulo cimene woimba amalota naco. Munthu wopeka bwino m'Cinyanja ukam'kakamiza kufotokoza m'Cizungu, amaoneka wopelewela pomwe ndi katswili.

Caciwili, tileke kuganiza kuti podcast ndi kamela zitatu ndi magetsi owala. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, makomboni anakhala maola ambili opanda malaiti, ndipo masitudiyo a kompyuta anali kungoyembekezela. Gitala ya thabwa sinadziwe n'komwe kuti malaiti apita. Foni yochaja, maikolofoni imodzi yabwino, ndi cipinda ca cete n'zokwanila. Cosowa mu komboni ndi cete ameneyo: kuli mabala, majenileta, owochelela zitsulo, ndi machalichi opikisana masipika. Koma kalasi ya sukulu pa Ciwelu m'mawa imakhala zii, bulangeti pa khoma imapha kuwawa kwa mau obwelela, ndipo aliyense wokhala m'nyumba ya malata amadziwa kuti mvula ikayamba, kujambula kwatha. Komanso ganizilani womvela. Vidiyo ya ola limodzi imadya bando ya intaneti imene mwana wa sukulu ku Mtendere sangaipeze kawili pa mlungu. Mau okha ndi opepuka, ndipo nyimbo ikadulidwa payokha imayenda pa WhatsApp kucoka foni kupita foni mpaka ku Chipata.

Cacitatu ndi cimene ambili safuna kumva: nyimbo ndi ya mwini wake. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anaimbanso nyimbo zao ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo Linny Hoo inazungulila dziko pa TikTok, anthu mamiliyoni akuivina. Atolankhani atawayendela anapeza kuti mwini nyimbo alibe ngakhale foni ya intaneti yoonela kuchuka kwakeko. Kumveka si kudya. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo la Copyright and Performance Rights mu 1994, ndipo kuli bungwe la ZAMCOPS lotolela ndalama za opeka nyimbo. Wopanga podcast wacilungamo ayenela kulemba pa pepala kuti nyimboyo ikhalabe ya woimba, kum'patsa kope yake ya zojambulazo tsiku lomwelo, kum'longosolela za kulembetsa, ndi kuika pansi pa pulogilamu dzina lake lonse, komboni, tsiku, cilankhulo ndi njila yomupezela amene afuna kumuitana kapena kum'tumila kangacepe pa foni. Popanda izi, tidzangokhala atsamunda atsopano a khungu lakuda, otola nyimbo za osauka kuti tikulitse maina athu.

Tisanamizane kuti aliyense wonyamula gitala ndi mneneli. Alipo ambili amene amangobweleza nyimbo za Ed Sheeran m'malo odyela a ku Kabulonga, ndipo alipo ena amene nyimbo zao zonse ndi makiyi atatu omwewo ndi madandaulo a cikondi opanda mcele. Gitala yopanda magetsi siipatsa munthu nzelu. Ubwino wake ndi wakuti siibisa kanthu: kulibe kompyuta yowongola mau, kulibe ng'oma zokwilila mau ofooka. N'cifukwa cake wopanga podcast afunika kukhala wosankha, wotha kuuza mnzake kuti bwelela ukakonze vesi yaciwili. Afunikanso kufunafuna kumene maso safika msanga. Akazi opeka nyimbo ndi ambili m'makwaya ndi m'magulu a pa zikwati, koma sapezeka pa kantemba usiku, ndiye wojambula waulesi adzabwelako ndi amuna okhaokha n'kunena kuti akazi kulibe.

Sindikuti ma podcast alipowa aleke zimene amacita, ndiponso palibe nkhondo pakati pa gitala ndi nyimbo za Yo Maps kapena Chef 187. Akuluakuluwo atangopatula mphindi khumi kumapeto kwa pulogilamu, n'kupatsa mpando woimba mmodzi wosadziwika kuti aimbe nyimbo imodzi, pa caka angatulutse maina makumi asanu. Koma nchito yeniyeni ikudikila inu amene mukhala nawo pafupi oimbawa, amene mudziwa nyumba imene gitala imalila usiku. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Woimba wa pa mzele wanu akadzasamuka, akadzagulitsa gitala kuti alipile lendi, kapena tikadzam'pelekeza ku Chingwere, nyimbo zake zidzapita naye, pokhapo ngati wina anakhala naye pansi Ciwelu cina m'mawa, n'kuyatsa foni, n'kuchula tsiku ndi dzina, kenako n'kukhala cete mpaka nsambo yomaliza italeka kunjenjemela.