Dandaulo Lokoma m'Khutu

Nyimbo yachisoni ikakoma m'khutu, kodi imachiza mtima kapena imangougoneka tulo? Funso limeneli silithaŵika kwa munthu womvera Script of the Bridge, chimbale choyamba cha gulu la The Chameleons, chimene chinatuluka m'chaka cha 1983.

Gulu la anyamata anayi limeneli linayambira ku Middleton, pafupi ndi Manchester, dera limene kale linkatchuka ndi mafakitale a nsalu za thonje. Pamene iwo ankapeka nyimbozi, ulemerero umenewo unali utazilala, ndipo m'chaka cha 1982 anthu osoŵa ntchito m'dziko la Britain anapitirira mamiliyoni atatu. Oimba punk a m'ma 1977 anayankha mavuto a nthaŵi yawo ndi phokoso laukali. Amene anadza pambuyo pawo, oimba post-punk, ukali uja anausandutsa kusinkhasinkha.

Mphamvu ya chimbalechi yagona pa magitala aŵiri, a Reg Smithies ndi Dave Fielding. Salimbirana ulemu: wina akamabwereza kachigawo kamodzi mosatopa, mnzake amayala mamvekedwe otalika onga kulira kwa belu m'tchalitchi chachikulu. Pansi pake ng'oma za John Lever zimagunda mosagwedezeka, ndipo Mark Burgess amaimba ngati munthu woitana mnzake kutsidya kwa mtsinje. Mu "Here Today" akulira John Lennon, amene anaphedwa mu 1980. Mu "A Person Isn't Safe Anywhere These Days" akudandaula za chiwawa cha m'misewu. Mu "Second Skin", imene ndiyo yopambana zonse, akufunsa ngati chilipo chotsala cha munthu thupi likatha.

Zofooka zilipo. Nyimbo 12 zotenga pafupifupi ola lathunthu n'zambiri, ndipo zina zimafanana kwambiri kotero kuti khutu limatopa. Komanso kukometsera kwa magitala nthaŵi zina kumaphimba ululu umene mawu akunena, monga nkhata ya maluŵa imabisira dothi la pamanda.

Komabe Mkhristu asafulumire kunyoza. Mpingo umaimba Masalimo a madandaulo m'mapemphero ake a tsiku ndi tsiku, pakuti umadziŵa kuti kulira kosabisa kanthu n'chiyambi cha pemphero. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemba Masalimo amadziŵa amene akumulirira, pamene Burgess akuitana osatchula woitanidwayo. Chikhalirecho, munthu wotayiratu mtima sataya nthaŵi yake kukonza nthetemya zotere. Kukoma kwa nyimbozi ndi umboni wakuti oimbawo ankayembekezabe kuti alipo wina womva.

Achinyamata athu nawonso ali nazo nyimbo zawo zodandaula. Ife makolo, aphunzitsi ndi ansembe tisanazitsutse, tiyambe tamva funso limene lili m'kati mwake, pakuti mwina ndi pemphero limene silinapezebe dzina la Mwini wake.