Wocira Misala Asamanidwe Nchito

Pali mlandu umene ife a ku Kasungu tiupalamula osazindikira. Munthu akadwala misala timtengera ku cipatala ca ku Zomba. Koma akabwerako wocira, palibe womlemba nchito. Nyengo yosoka fodya m'cigafa, manja akacepa, mwini munda aitana ana a sukulu, nasiya munthu wamkulu wodziwa kusankha masamba. Ati, "Angatenthe fodya wanga." Tsono wocirayo angokhala pakhonde, nadya zopempha, kufikira cisoni cimbwezera ku nthenda yace.

Malo a ku Zomba aja anayamba m'caka ca 1910 monga mbali ya ndende. Odwala anaturutsidwa m'ndendemo kalekale, koma ife tawamangira ina m'midzi mwathu, yopanda linga.

Abale a St John of God ku Mzuzu anaona bwino pamenepa, pakuti pamodzi ndi mankhwala aphunzitsa anthu otere umisiri wa matabwa, kusoka ndi kumanga. Koma Mzuzu ndi kutali, ndipo minda ya fodya iri pakhomo pathu.

Sinditi mumsenzetse zolemera tsiku loyamba. Ayambe ndi kuthirira nazale, alipidwe monga anzace, ndipo tsiku lokatenga mankhwala musamdule malipiro. Akulu a mpingo atsogole ndiwo. Kumbukirani Marko 5: munthu uja wa kumanda atacira anapempha kutsata Ambuye m'ngalawa, koma Iwo anambweza kwao kwa abale ace, nampatsa nchito yoti acite kumeneko.