Ng'oma za Mwini Mwera

Lira mbalule, lira! Mpanje yankha, gunda tsendera pansi mpaka fumbi lidzuke. Iyambire ku Ndirande patsinde pa phiri, a ku Bangwe ailandire, aiponyere ku Zingwangwa, ikwere ku Chilomoni, ikafike ku Machinjiri isanazizire. Amene tikuwatamanda lero ndi Amayi akulu ogona kumpoto kwathu, Nyanja ya Malawi, amene ambiri m'malokeshoni muno sitinapondepo mchenga wawo koma timawamwa m'mawa uliwonse.

Ndinu, Mwini Mwera. Ndinu Chigonera Kutali, mutu ku Karonga miyendo ku Mangochi. Ndinu Mmeza Mitsinje: mwameza Songwe, mwameza Rukuru, mwameza Dwangwa, Bua ndi Linthipe, mwameza Ruhuhu wa kutsidya, ndipo pa yonseyi mumalavula umodzi wokha, Shire. Ndinu Chozama, mamita 700 kutsika pansi kumene chingwe cha msodzi sichinafikeko. Make chambo, make usipa, make utaka ndi kampango, wolera mbuna m'miyala ya ku Chembe, wofukiza nkhungu pakati pa madzi mpaka mlendo kuyesa moto. Mpoto ndi wanu, vuma ndi wanu, mwera ndi mwana wanu wachisamba, ndipo akadzuka mu Juni aliyense amakokera bwato kumtunda.

Musatiyese alendo chifukwa tili pamtunda. Madzi amene mayi wa ku Ndirande amawadikira pampopi tambala asanalire ndi inu, mutatsika ndi Shire, mutadutsa pa Liwonde, mutakokedwa ndi makina a pa Walker's Ferry n'kukwezedwa mtunda wonsewo kudzera ku Chileka. Nyali ya wowotcherera zitsulo ku Bangwe ndi inu, mutagwa pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Mutaphwa pang'ono zaka za 2016 ndi 2017, zigayo za ku Zingwangwa zinangoti zii, ana a ku Chilomoni anawerengera mayeso pa kandulo. Usipa wouma wa mumsika wa Limbe, umene umadyetsa banja lonse mwezi ukafika pakati, wachokera m'manja mwanu usiku, pagalimoto ya ku Mangochi. Woloza mfuti pa inu waloza pa mbale yathu.

Ndipo akhala akukulozani. Ndinu Wolozedwa Mizinga, Wosagwedezeka.

Anayamba ndi Apwitikizi ndi Angerezi, kulimbirana khomo lanu. Mu 1889 Serpa Pinto anakwera ndi Shire ali ndi asilikali, anathira nkhondo Amakololo a mfumu Mlauli, ndipo kuno kumapiri John Buchanan analengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo cha Britain. Mu Januwale 1890 London inalamula Lisbon kuti ichotse asilikali ake, sitima zankhondo za Angerezi zili chire kunyanja yamchere, Apwitikizi n'kubwerera akukukuta mano. Chaka chomwecho sitima za mizinga, Mosquito ndi Herald, zinalowa mu Zambezi. A Kapeni sanafunsidwe. A Mponda, amene ankakhala pakhomo panu penipeni, sanaitanidwe kubwalo limene linagamula za khomolo.

Ndinu Wogawidwa Muli Mtulo. Pa 1 Julayi 1890, ku Berlin, Britain ndi Germany anasinthana maiko. Ajeremani ankafuna kachilumba ka Heligoland ku North Sea kuti kazilondera madoko a sitima zawo zankhondo. Angerezi ankafuna Zanzibar. Pa pepala lomwelo cholembera chinatsika mpaka kwa inu, chinayenda m'mphepete mwa gombe lanu lakum'mawa, chinazungulira kumpoto, chinakaima pamene Songwe amathira. Malire pagombe, madzi kwa Nyasaland. Choncho mpikisano wa sitima za ku Ulaya ndi umene unalemba malire amene mpaka lero tikuwagwiritsitsa ndi manja awiri, ndipo mtima umawawa ukakumbukira kuti umboni wathu waukulu ndi pepala limene agogo athu sanaliwerenge.

Ndinu Wosenza Zitsulo za Eni. Munasenza ngalawa za a Jumbe a ku Nkhotakota zodzaza ana a anthu omangidwa magoli, munalira nawo. Munasenza Ilala yoyamba mu 1875, yonyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu kulambalala mathithi a Shire. Munasenza ngalawa za a Makanjira, ndipo munaona Kaputeni Maguire akugwa pagombe lawo mu 1891. Kenaka zinabwera ziwiri zija. Hermann von Wissmann ya Ajeremani inalowa m'madzi anu mu 1893. Guendolen ya Angerezi, yotchedwa dzina la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, inalumikizidwa ku Fort Johnston n'kuyandama mu 1899. Zaka zambiri zinkapitana, kuombera malikhweru, makaputeni awo Rhoades ndi Berndt akumwera limodzi. Kwawoko eni ake ankapikisana kumanga sitima zikuluzikulu, wina akamanga imodzi mnzake amange ziwiri, makamaka Dreadnought itatuluka mu 1906. Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika.

Inang'ambika mu Ogasiti 1914, ndipo mwa mizinga yoyamba kulira pamadzi m'nkhondo yaikulu ija, wina unalira pa inu. Lamya inafika ku Zomba, Bwanamkubwa George Smith analamula, Rhoades anawolotsa Guendolen kupita ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania. Anapeza Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Mzinga unalira, sitima ija inalumala. Berndt anali asanamve n'komwe kuti kwayamba nkhondo; anapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzake waledzera, n'kugwidwa ukaidi pomwepo. Nyuzipepala ku London zinalengeza chipambano cha pa Nyanja ya Nyasa. Mu Meyi 1915 Angerezi anabwereranso ku Sphinxhaven kukaitsiriza.

Azungu amaisimba nkhaniyi akuseka. Ife sitiseka, chifukwa tikudziwa chimene chinatsatira. Nyanja itatsala m'manja mwa mbali imodzi, inu Amayi munasandutsidwa msewu wa nkhondo. Sitima zonse, ngakhale Chauncy Maples ya amishoni a ku Likoma, zinayamba kututa anyamata kupita nawo kumpoto. Pa 9 Seputembala 1914 magazi anakhetsedwa ku Karonga, ndipo ambiri mwa ogwa, mbali zonse ziwiri, anali akuda ovala yunifolomu za eni. Iyi ndi nkhondo ya Chiwaya.

Apa ng'oma itsike, titchule amene sanatchulidwe. Inu a mtengatenga, Asenza Mtolo Wosadziwa Mwini, amuna pafupifupi 200,000 a dziko laling'onoli, ogwidwa usiku m'midzi ya ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Lunzu, ku Ntcheu, mafumu akuopsezedwa kuti apereke anthu. Inu oyenda ndi mabokosi a zipolopolo pamutu m'mapiri ozizira a kuseri kwa nyanja, opanda bulangete lokwanira, odya ufa wosapsa, ofa ndi kamwazi ndi chibayo, osiyidwa m'mbali mwa njira popanda woika mwala. Inu asilikali a Keyala, Oponda Moto Opanda Nsapato, amene ena mwa maina anu ali pachipilala cha ku Zomba. Inu amayi otsala ndi makasu, olima munda wa awiri muli nokha, olandira njala ndi chimfine cha 1918 pamene munkayembekeza amuna anu. Obwerako anabwera ndi mayendedwe a perete m'miyendo, ndipo mpaka lero beni wa ku Mangochi ndi malipenga a ku Nkhata Bay amavina ulendo umenewo.

Ndi inu, a John Chilembwe a ku Mbombwe, Mlomo Wosatsekeka. Munaona zonsezi nkhondo isanathe miyezi inayi, n'kulembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kufunsa chifukwa chimene mmphawi wopanda kanthu ayenera kufera mkangano wa olemera, kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linakutsekani pakamwa. Mu Januwale 1915 anthu anu anatsika usiku kudzathyola nkhokwe ya mfuti pa Mandala, mu Blantyre momwe muno, pamalo pamene minibasi zathu zimadutsa tsiku ndi tsiku. Mzinga wa ku Liuli unamvekera pa Mandala patatha miyezi isanu. Wofuna kuuona mzinga wa Guendolen apite ku Mangochi, uli pafupi ndi chipilala cha wotchi moyang'ana Shire. Akaugwire, akumbukire mitu imene inasenza zotsatira zake.

Dzukanso gunda! Ndinu Wosalamulidwa. Kaputeni aliyense amene anayenda pa inu anaphunzira kuti mwini ndani. Pa 30 Julayi 1946 Vipya, sitima yatsopano, inakumana ndi mwera cha ku Chilumba n'kumira ndi anthu 145. Timakuopani, Amayi, ndipo mantha amenewo ndi ulemu. Ilala yachiwiri, yoyamba ulendo mu 1951, yakalamba pamsana panu chifukwa oiyendetsa amadziwa kukupepesani.

Atsamunda anapita, mkangano anausiya. Ndi Apwitikizi zinakambidwa mu 1954: malire a Mozambique analowa pakati pa madzi, Likoma ndi Chizumulu n'kutsala zathu. Kumpoto ndiye bala silinapole. Mu 1962 a Rashidi Kawawa anauza nyumba ya malamulo ya Tanganyika kuti palibe gawo la nyanja limene lili m'dziko lawo. Mu 1964 ku Cairo maiko a mu Africa anagwirizana kusunga malire amene anawapeza, a Julius Nyerere ali patsogolo pa mfundoyo. Koma pofika 1967, ubale wa Zomba ndi Dar es Salaam utaola chifukwa cha nduna zothawa ndi nkhani ya South Africa, Tanzania inati malire ali pakati pa nyanja. A Kamuzu Banda anayankha mu 1968 ndi mawu a moto, kunena za maboma a kutsidya ndi kuika boti la mfuti pamadzi. Palibe mzinga umene unalira, Mulungu anatichitira chifundo.

Ndinu Wobisa Chuma Pansi pa Mimba, ndipo fungo la chumacho linadzutsa ogona. Mu 2011 boma lathu linapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta m'madzi anu akumpoto. Mu 2012 andale ena kutsidya anayamba kutchula nkhondo, anthu a ku Karonga anagona khutu lili kunja, ndipo m'minibasi za ku Machinjiri munalibe nkhani ina. A Joyce Banda ndi a Jakaya Kikwete anaupereka mlandu kwa akuluakulu opuma, a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae. Anakhala ku Maputo mu Malichi 2014, anabalalika osamvana. Ife tikuti nyanja ndi ya Malawi mpaka pagombe, monga pangano la 1890 linenera, ndipo sitichita manyazi kutero. Tikutinso mafuta atatayika pa inu sadzafunsa mzere wa pamapu. Adzapha usipa wa ku Mbamba Bay ndi wa ku Nkhata Bay tsiku limodzi, n'kutsika ndi Shire kudzatuluka pampopi wa ku Ndirande.

Zimene zikuchitika kunyanja zamchere timazimva, ndipo zimatifika. Ku South China Sea sitima za China ndi za America zimayendera pafupi kuyesana mtima, asodzi a ku Philippines akuthamangitsidwa pamadzi amene bwalo la ku The Hague linati mu 2016 China ilibe ufulu wowatsekera. Nkhondo itatseka madoko a ku Black Sea mu 2022, thumba la feteleza linathawa m'manja mwa mlimi wa ku Chigumula. Sitima zikaopa Red Sea n'kuzungulira ku Cape, katundu amachedwa kufika ku Beira ndi ku Nacala, wa kabaza wa ku Bangwe n'kumva kuwawa m'thumba. Tilibe doko la kunyanja yamchere, koma akuluakulu akaonetsana zifuwa, ngongole yake imatipeza. Tinailipirapo kale ndi mitu ya agogo athu.

Nchifukwa chake, Mwini Mwera, ana anu a pamtunda tikupempha atsogoleri a ku Lilongwe ndi a ku Dodoma: maboti a asilikali a ku Monkey Bay akhale opulumutsa omira ndi oteteza chambo ku maukonde oletsedwa. Mlandu wa malire ubwerere pabwalo, kaya la akuluakulu a kuno kwathu kaya la ku The Hague, ndipo pokamba pakhale mipando ya eni madzi. Aitaneni Atonga a ku Chintheche, Akoka Chilimira Usiku, ndi siginala wawo wa nyali. Aitaneni Ankhonde a ku Karonga ndi abale awo Anyakyusa a ku Kyela, amene Songwe sanawalekanitse chilankhulo. Aitaneni amayi Achikisi oumba miphika kumpoto kwenikweni, Amanda a kumathiriro a Ruhuhu, Anyanja a ku Likoma ndi ku Cóbuè, Ayao a kwa Makanjira ndi ku Malindi. Aitaneninso amayi ogulitsa usipa mumsika wa Ndirande, abwere ndi zitenje zawo zonunkha nsomba, akhale kutsogolo, alankhule oyamba.